Zala Zoyera za Kaliwiro

Nditabwerera ku ntchito, mwana ali ndi miyezi inayi, ndinapeza pa mpando wanga pali khushoni ya munthu wina. Ndinangoichotsa n'kuiika pa tebulo.

Ntchito yathu ndi yovuta kuifotokoza kunyumba. Apongozi anga mpaka lero amauza anzawo kuti ndimagulitsa mababu. Zoona zake n'zakuti kuntchito kwathu amapanga tinyali tatsopano topyapyala, tonga tomwe timawalitsa nkhope ya foni. Kanyali kake ndi kagalasi kakang'ono ngati sitampa. Pamwamba pake amayalapo mankhwala, kamyalo pamwamba pa kanzake, topyapyala moti diso silingaone. Ukalumikiza magetsi, galasilo limangoyaka lokha. Mankhwalawo amadana ndi mpweya ndi chinyezi, choncho amapangira m'bokosi lalikulu lotsekedwa, munthu ali kunja, manja atawalowetsa m'magolovesi aatali akuda omatidwa ku bokosilo. Bambo amene amagwira pamenepo tonse timangomutcha Magolovesi.

Ine sindipanga tinyali. Ine ndimayeza. Chipinda changa chilibe zenera, makoma ake ndi akuda bii. Pakati pali mpira waukulu wachitsulo, wonga mabeseni awiri ovundikirana, mkati mwake moyera mbee. Ndimatsekera kanyali mumpiramo n'kukayatsa, ndipo kuwala konse kumagundagunda m'makoma oyerawo mpaka kukafika pa diso la makina. Kompyuta imandipatsa nambala imodzi yomwe aliyense amaidikira: kuwala kochuluka bwanji komwe kanyali kapereka pa wati imodzi ya magetsi yomwe kadya. Nambala ikakwera, Adokotala amaimba mluzu m'khonde. Ikatsika, ngakhale moni sayankha.

Adokotala ndi bwana wathu. Si a kuchipatala, ndi a mabuku. Ndi iwo amene ananditenga ndili ndi satifiketi ya sekondale yokha, ndikutsuka mabotolo, n'kundiphunzitsa kuyeza. Ankati ndine wamantha, ndipo ntchito iyi imafuna munthu woyang'ana kawiri.

Mwini khushoni anali mtsikana wa ku koleji amene anamubweretsa kuti agwire ntchito yanga ndili kunyumba. Magolovesi anamupatsa dzina la Kaliwiro, chifukwa nthawi yomwe ine ndimayeza tinyali khumi ndi tiwiri, iye amayeza makumi awiri. Anandipatsa moni mwaulemu, "Mwabwerako, achemwali, mwana ali bwanji?" Koma maso ake anali pa khushoni.

Sabata yoyamba manambala anga anali 41, 42, 40, 41. Ndinatsegula buku n'kuona a miyezi yomwe kunalibe ine: 52, 51, 53, 52. Ndinatseka buku msangamsanga ngati ndaona kalata ya munthu wina.

Lachisanu Adokotala anatiitana tonse awiri mu ofesi mwawo.

"Make mwana," anatero akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, "kodi mukugona mokwanira kunyumbako?"

"Ndikugona, Adokotala."

"Chifukwa tinyali tathu tafooka chibwererereni inu. Sabata yomwe munachoka tinasintha mankhwala, nambala inakwera kufika 52. Nambala imeneyo ndinaitumiza kale kwa akuluakulu a kampani ya kunja, ndipo akubwera chifukwa cha iyo. Lero mukundipatsa 41. Mankhwala ndi omwewo, mpira ndi womwewo. Chasintha ndi munthu."

Kaliwiro ankayang'ana pansi. Ndinayang'anitsitsa milomo yake kuti ndione ngati akubisa kumwetulira.

"Malo a pa mpira ndi a munthu mmodzi," anapitiriza Adokotala. "Mwezi uno muziyeza mosinthana, wina m'mawa, wina masana. Mwezi ukatha ndinena amene atsale."

Ndinatuluka. Mwamuna wanga amawotcherera zitsulo, ntchito yake imabwera n'kupita. Yanga ndi yomwe imakhala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zinthu. Ndinayamba ndi nyali yoyezera makina, yomwe kuwala kwake kumadziwika kale ndipo timaiyatsa kuti tione ngati makina sakunama. Ndinkaganiza kuti wina waisintha. Ndinawerenga nambala ya pa thupi lake katatu, inali yomweyo, ndipo makina anaiyeza molondola. Ndinapukuta mawaya, ndinasuzumira mumpira ndi tochi kufuna fumbi. Nambala inabwera 41.

Ndiye ndinakumbukira kuti teni koloko iliyonse ndimatuluka kwa theka la ola kukafinyira mwana mkaka m'botolo, m'kachipinda kosungira makatoni. Nthawi imeneyo chipinda changa chimakhala chosakiya. Aliyense amadziwa ola limenelo, chifukwa botolo limakhala mu firiji ya tonse, pambali pa chakudya cha anthu. Tsiku lina ndinapanikiza kaulusi pa chitseko potuluka. Pobwera ndinapeza kaulusi kali pansi. Ndikutsegula, ndinapeza mayi wokolopa ali mkati ndi ndowa yawo.

"Mwanawe, ukundiyang'ana choncho ngati ndaba mpira wakowu? Ndingautengere kuti, sulowa n'pakhomo pomwe."

Ndinapepesa, koma mtima sunakhale pansi. Masana ndinkamva Kaliwiro akuseka ndi Magolovesi pa bokosi lake lija. Ndikalowa, kuseka kunkatha. Ndinawerengera ndekha: tinyali tonse timachokera m'manja mwa Magolovesi. Pa thileyi iliyonse pamakhala tabwino ndi tofooka, ndipo iye amatidziwa. Chingamuvute n'chiyani kusankhira mnzake tabwino, ine n'kundisiyira zotsala?

Ndinalimba mtima n'kumufunsa.

"Achimwene, tinyali tomwe mumandipatsa ine n'tofanana ndi tomwe mumapatsa mnzathuyu?"

Anatulutsa manja m'magolovesi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Asisi, mwana mmodzi yekhayu mwasanduka wapolisi? Mukadzabereka atatu tonse tidzagona m'chitokosi." Anandikankhira thileyi. "Sankhani nokha. Tsinzinani, pempherani, tolani komwe mukufuna."

Ndinatola tinyali titatu mosiyanasiyana, kena pakona, kena pakati. Ndinayeza: 41, 41, 42. Masana a tsiku lomwelo Kaliwiro anayeza totsala ta pa thileyi yomweyo n'kulemba 52. Kuyambira pamenepo Magolovesi ankati akandiona aziika manja kumbuyo ngati womangidwa, ndipo anthu ankaseka. Ine sindinkaseka. Ndinayamba kudzikayikira ndekha. Mwina mutu wanga unatsala ku chipatala. Mwina pali batani lomwe ndimadumpha osadziwa.

Loweruka m'mawa ndinali kuchapa panja, apongozi ali pa mpando ndi Kabwana pamiyendo. Dzina limenelo anamupatsa ndi iwo, akuti amalamula nyumba yonse asanayambe n'kukhala tsonga. Anatola kamalaya kake m'dengu la zochapa n'kukatambasula.

"Make Kabwana, kodi mwanayu mukumulemba ngati kope? Taonani apa. Ndi apa. Miyezi inayi zovala zake zinali zoyera, mwangoyamba ntchito basi, mwana wadzadza zidindo."

Pa kamalayako panali timadontho takuda m'khwapa monse, pomwe ndimagwira pomunyamula.

Mwamuna wanga anasuzumira pa zenera, mswachi uli kukamwa. "Amayi, msiyeni. Akumusainira kuti asamusinthe ndi wa aneba. Mukumudziwa, ameneyu amawerenga ndi zala za mwana zomwe akabwera ku ntchito."

"Iwe khala chete, wekha umabwera wakuda ngati poto," anatero apongozi.

Iwo akuseka, ine ndinali kuyang'ana zala zanga m'thovu. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zakuda m'mphepete mwa zikhadabo, inki yosachoka ndi sopo. Inkiyo ndi ya kuntchito. Galasi lili ndi khalidwe lake: kuwala kwina sikutulukira kumaso, kumayenda mkati mwa galasilo n'kukatulukira m'mbali, mocheka muja. Kuwala kwa m'mbaliko sikuwerengedwa, chifukwa kanyali kakaikidwa mu foni kapena mu feremu, mbalizo zimabisika ndipo palibe diso lomwe lingakuone. Koma mpira susankha, umameza kuwala kulikonse. Ndiye usanatsekere kanyali mumpira, umatenga cholembera chonenepa cha inki yakuda n'kudetsa mbali zonse zinayi. Adokotala anandionetsa kamodzi, chaka changa choyamba. Kuyambira pamenepo manja anga amachita okha, monga momwe munthu amanyambitira chala potsegula tsamba.

Ndinayesa kukumbukira manja a Kaliwiro. Sindinathe. Masiku onsewo ndinkayang'ana milomo yake.

Lolemba pa nthawi ya tiyi ndinakhala moyang'anizana naye. Anagwira kapu ndi manja onse awiri. Zala zake zinali zoyera, zikhadabo zopaka utoto wofiirira, popanda kadontho ngakhale kamodzi. Munthu woyeza tinyali makumi awiri pa tsiku!

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Mtsikana wa ku koleji sangalephere kudziwa za mbali za galasi. Ndinaona nkhani yonse: wasiya dala inki kuti manambala akwere, bwana amukonde, ine mayi wa mwana ndioneke wogona pa ntchito. Ndinafuna kupita kwa Adokotala nthawi yomweyo. Koma ndinati ayi, ndione kaye ndi maso anga.

"Achemwali," ndinatero ndi mawu ozizira, "masana ano ndingakhale nawo mukuyeza? Ndiphunzireko liwiro lanulo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Akutumani ndi Adokotala?"

"Ayi, ndekha."

"Chifukwa ndamva zoti mumaika ulusi pa chitseko."

Ndinachita manyazi, koma sindinabwerere m'mbuyo. Masana ndinakhala pakona, manja ndili nditapinda. Kaliwiro anatenga kanyali ndi kachitsulo kopanira, anakapukuta, anakaika pa chogwirira, analumikiza mawaya, anatseka mpira. Cholembera chakuda chinali pomwepo m'kapu, sanachiyang'ane n'komwe. Kompyuta inalemba 52.

"Palibe chomwe mwadumpha?" ndinafunsa.

"Kudumpha? Ine sindidumpha." Anatsegula kabati n'kuloza pepala lomatidwa kuseri kwa chitseko chake. "Ndimatsata ili. Adokotala anandiuza tsiku loyamba kuti ndisaonjezepo kanthu, ndisachotsepo kanthu, chifukwa analemba ndi munthu wosamala kuposa aliyense muno. Ku koleji mpira wotere tinangouona pa chithunzi, achemwali. Zonse ndinaphunzira pa pepala lanuli."

Zolembazo zinali zanga. Ndinalemba tsiku lomaliza ndisanapite kukachira, mapazi atatupa, msana ukuwawa, mwamuna wanga akundidikira pa geti. Mfundo khumi ndi imodzi. Ndinalemba zoti nyali yoyezera iyambe yatentha mphindi makumi awiri. Ndinalemba zoti asagwire galasi ndi manja. Ndinalemba ngakhale zoti switchi ya kuseri kwa chitseko imafuna kukanikiza kawiri. Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereza kuchokera pansi. Za inki munalibe.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Kaliwiro.

"Palibe," ndinayankha. Ndinatuluka.

M'mawa mwake ndinafika anthu asanabwere. Ndinatenga kanyali katsopano n'kukaika mumpira osakadetsa. Kompyuta inalemba 52. Ndinakhala pa mpando, cholembera chili m'manja, ndikuyang'ana nambalayo. Zinali zosavuta. Kungoika cholembera m'chikwama, kupita nacho kunyumba, basi. Manambala anga akanafanana ndi a Kaliwiro, Adokotala akanati mayi wadzuka kutulo, ndipo poti ndine wakale mwina akanasunga ine. Palibe akanadziwa za pepala.

Sindinama kuti chinandiletsa ndi mtima wabwino. Anali mantha. Anthu a kampani ya kunja aja ali ndi mipira yawo, ndipo ali ndi zolembera zawo. Tsiku lina adzayeza okha n'kupeza 41, ndipo adzafunsa kuti amayeza ndani. Dzina lomwe lidzakhale pansi pa 52 panthawiyo lidzakhala langa.

Ndiye panabwera ganizo lina. Amene anandiphunzitsa kudetsa mbali ndi Adokotala. Nambala inalumpha kuchoka pa 41 kufika pa 52 sabata yomwe munthu woyeza anasintha. Munthu wa mabuku ngati iwo, sanalowe m'chipinda muno ngakhale kamodzi kudzaona momwe mtsikana watsopano akugwirira? Kapena analowa, anaona cholembera chili phee m'kapu, n'kutuluka akuimba mluzu?

Teni koloko sindinapite ku kachipinda ka makatoni. Ndinagogoda kwa Adokotala n'kuwapempha kuti abwere ku mpira, ndipo ndinaitananso Kaliwiro. Sindinkafuna kukhala nawo awiriwiri, popanda mboni.

"Kanyali ndi kamodzi," ndinatero. "Ndikayeza kawiri."

Koyamba kompyuta inalemba 52. Adokotala anagwedeza mutu. "Mwaona? Mukadzuka bwino zimatheka."

Ndinatsegula mpira, ndinatulutsa kanyali, ndinavundukula cholembera. Fungo la inki linadzaza chipinda. Ndinadetsa mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Sindinayang'ane galasi, manja akudziwa. Ndinkayang'ana nkhope ya Adokotala. Sanadzidzimuke. Kapena anadzidzimuka mkati, sindikudziwa, nkhope yawo inangouma ngati khoma. Ndinatseka mpira. 41.

Kaliwiro anayang'ana cholembera chomwe chinali m'manja mwanga.

"Inkiyo ndi ya chiyani?" anafunsa Kaliwiro. Nditamufotokozera, anatsegula kabati n'kuwerenga pepala ndi chala, mzere ndi mzere. Kenako anatembenuka, maso atafiira. "Munasiya dala. Munadziwa kuti mudzabwerera, ndiye munanditchera msampha kuti mudzandigwetse pamaso pa bwana."

"Ayi, achemwali. Ndinaiwala. Kulakwa n'kwanga."

"Munakumbukira za switchi, n'kuiwala izi?"

Masabata atatu ndakhala ndikumuganizira zomwezo iye, ndipo ndinadziwa kuti mawu sachotsa maganizo otere.

Adokotala anamatula pepala lija pa kabati mosamala, kuti lisang'ambike. "Wina amene akudziwa ndani?"

"Atatu tomwe tino," ndinatero.

"Magolovesi?"

"Ayi."

Anauza Kaliwiro kuti akapume. Ine ananditengera ku ofesi n'kutseka chitseko. Anayala pepala pa tebulo n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Mwachita bwino kunena," anatero. "Pa mpira mutsala inu. Mtsikanayu mwezi ukatha apita, monga tinapanganirana poyamba. Tinyali ta miyezi ija tinafooka kale, tipanga tatsopano, muyezenso zonse."

Ndinadikira kuti mtima usangalale. Sunasangalale.

"Nanga anthu a kunja aja, Adokotala? Muwauza?"

"Zimenezo si za m'chipinda chanu." Anandipatsa bolopeni. "Lembani pansipa kuti pepalali munalemba ndinu, tsiku lomwe munalemba, ndipo musaine."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti zinthu zikhale m'malo mwake."

Ndinayang'ana dilowa ya tebulo lawo. Inali yotsegula kale, kiyi ali pomwepo. Ndinamvetsa. Tsiku lomwe alendowo adzafunse kuti 52 inachokera kuti, pepala lidzatuluka, ndi dzina langa pansi pake. Ntchito ndapatsidwa, ndipo chingwe chake chikhala mu dilowa.

Ndinasaina, poti zolembazo n'zangadi. Koma pansi pa dzina ndinaonjezera mzere wina: kuti lero, pamaso pa Adokotala ndi pa mnzanga, kanyali kamodzi kapereka 52 kosadetsa ndi 41 kodetsa, ndipo ndanena ndine. Anawerenga ali chiimire. Nsagwada zawo zinagwedera.

"Izi sindinakuuzeni kuti mulembe."

"N'zoona, Adokotala. Ndingapange fotokope ndisanakupatseni? Ndine woiwalaiwala, mwaona nokha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina ankafuna kuona ngati ndikuwaseka. Sindinkaseka. Pomaliza anakankha pepala ndi chala chimodzi. "Mphindi ziwiri."

Poweruka ndinapeza Kaliwiro ataima kunja kwa geti, chikwama chili pa phewa. Ndinafuna kudutsa mbali ina, koma anali atandiona kale.

"Akusungani inu, eti?"

"Eya."

"Ndinadziwa." Anayang'ana msewu, basi inadutsa, sanaikweze dzanja. "Sindikukukhulupirirani, achemwali, ndinene poyera. Koma iwonso sindikuwakhulupirira. Kawiri konse analowa ndikuyeza, anaima kumbuyo kwanga mpaka kumaliza. Sananene kanthu."

"Kawiri?"

"Kawiri. Ndipo manambala onse a miyezi inayi ali ndi dzina langa. Ndikapita kukafuna ntchito kwina, nkhani ikadzaphulika, adzati mtsikana uja ankaphika manambala. Pepala lija ndi lokhalo lomwe likusonyeza kuti ndinkatsata zomwe ndinapatsidwa. Lili kuti?"

"Mu dilowa mwawo. Akiya."

Anatseka maso n'kupumira m'mwamba.

Ndinayang'ana kumbuyo. Mlonda anali pa foni, zenera la ofesi ya Adokotala linali lotseka makatani. Ndinamukokera Kaliwiro kuseri kwa mpanda n'kupisa dzanja m'thumba la siketi. Pa makina a fotokope paja mphindi ziwiri zinandikwanira kupanga mapepala atatu. Ndinamupatsa limodzi. Analitambasula n'kuwerenga mpaka mzere womaliza, kenako analipinda kanayi.

"Pepala lachitatulo n'la ndani?" anafunsa, ataona kuti m'manja mwanga mwatsala awiri.

"Lina likakhala kunyumba," ndinatero. "Lotsalali sindikudziwabe. Ndikufuna ndione kaye ngati Adokotala alembe kalata youza a kampani ya kunja aja zoona."